Kugulitsa Kapena Kusinthanitsa Gitala ya Bokosi ku Chitungwiza: Mafunso ndi Mayankho

Gitala ya bokosi, imene ena amaitcha gitala yosalira magetsi chifukwa mawu ake amakuzidwa ndi mphako ya thupi lake lamatabwa, ndi chimodzi mwa zida zoimbira zimene zimagulitsidwa ndi kusinthanitsidwa kawirikawiri m'matauni a kum'mwera kwa Africa. Mwini wake akaganiza zosiyana nayo amakhala ndi njira ziwiri zikuluzikulu, zomwe ndi kuigulitsa kuti alandire ndalama kapena kuipereka kuti atenge chida china m'malo mwake. Mafunso otsatirawa akuunika njira ziwirizi malinga ndi mmene zinthu zilili ku Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, ndipo mfundo imene ikuwamanga pamodzi ndi yakuti chigamulo choyenera chimadziwika poona chimene mwini gitala adzakhale nacho m'manja patatha miyezi ingapo chichitikireni malondawo.

Kodi n'chifukwa chiyani nkhani ya gitala ili yaikulu ku Chitungwiza?

Chitungwiza ndi tauni imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Harare, ndipo inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza malokeshoni atatu a Seke, Zengeza ndi St Mary's. Lero muli anthu opitirira 350,000, ndipo ena mwa iwo ndi ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi m'nthawi ya atsamunda. Chichewa chimene mabanja ambiri oterewa amalankhula chili m'gulu la zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amazivomereza.

Tauniyi imadziwika kuti ndi kwawo kwa sungura, mtundu wa nyimbo zovina zothamanga zimene zimadalira magitala atatu, yotsogolera, yoperekeza ndi ya besi. Nicholas Zakaria, mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la Khiama Boys mu 1984, ndi Alick Macheso, amene anabadwira ku Shamva mu 1968 ndipo anaimba m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, onse awiri ndi ochokera m'mabanja a Chimalawi, onse anakhazikika ku Chitungwiza, ndipo onse anajambulako nyimbo za m'Chichewa. John Chibadura wa gulu la Tembo Brothers, amene anamwalira mu 1999, nayenso ankakhala m'tauni yomweyi.

Ngakhale kuti sungura imaimbidwa ndi magitala a magetsi, oimba ambiri amayambira pa banjo yopanga okha kapena pa gitala ya bokosi, ndipo mwambo wa gitala imeneyi m'dziko la Zimbabwe ndi wakale. George Sibanda wa ku Bulawayo anatchuka nayo kuyambira mu 1948 pamene Hugh Tracey anajambula nyimbo zake, ndipo Daniel Kachamba, katswiri wa gitala wa ku Chileka amene anamwalira mu 1987, anakhalako ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ali mnyamata kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Pa chifukwa chimenechi, gitala ya bokosi ku Chitungwiza imakhala sukulu ya wachinyamata, chida cha kwaya ndi cha pamaliro, komanso chuma cha banja chimene chimakumbukiridwa pakagwa vuto la ndalama.

Kodi kugulitsa ndi kusinthanitsa zimasiyana bwanji kwenikweni?

Kugulitsa ndi kupereka gitala kwa munthu wina n'kulandira ndalama, ndipo kungachitike pakati pa anthu awiri wamba kapena pakati pa mwini gitala ndi wamalonda amene amagula katundu wogwiritsidwapo kale ntchito n'cholinga chokamugulitsanso. Kusinthanitsa, kumene makolo ankakutcha msintho, ndi kupereka gitala n'kulandira chinthu china, kaya gitala ina, kiyibodi, chokuzira mawu kapena foni, ndipo nthawi zambiri mmodzi mwa awiriwo amawonjezera ndalama pamwamba pofuna kuti mitengo ifanane.

Kusiyana kofunika kwambiri kuli pa chiwerengero cha mitengo imene munthu ayenera kuidziwa. Wogulitsa amafunika kudziwa mtengo umodzi wokha, wa gitala yake, pamene wosinthanitsa amafunika kudziwa mitengo iwiri, wa chimene akupereka ndi wa chimene akulandira, kotero kuti akhoza kuluza kawiri pa malonda amodzi ngati gitala yake yachepetsedwa mtengo pomwe chida chimene akutenga chakwezedwa. Wamalonda naye sangapereke mtengo wofanana ndi umene woimba mnzake angapereke, pakuti iye ayenera kuchotsapo lendi ya shopu, ndalama zokonzera zowonongeka, phindu lake, ndiponso nthawi imene gitalayo idzakhale pakhoma isanapeze wogula. Zimenezi si chinyengo, koma ndi mtengo umene mwini gitala amalipira chifukwa chofuna kuti malonda atheke tsiku lomwelo.

Kodi mbiri ya ndalama ya dziko la Zimbabwe ikukhudza bwanji chigamulochi?

Ikukhudza kwambiri, chifukwa anthu a m'dzikoli aona ndalama zawo zikutha mphamvu kangapo m'zaka zosakwana makumi awiri. Boma linalengeza kuti pofika mu Julayi 2008 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka, ndipo mu Januwale 2009 panatuluka ndalama yapepala ya madola 100 thiriliyoni, dziko lisanayambe kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi ya ku South Africa m'chaka chomwecho. M'nyengo imeneyo msintho unabwerera m'misika ndi m'midzi, pakuti munthu ankalolera kulandira thumba la chimanga kapena sopo kusiyana ndi mapepala amene mawa lake sakanagula kanthu. Mu Novembala 2016 kunabwera mapepala otchedwa bond notes, mu Febuluwale 2019 kunabwera dola ya RTGS, ndipo mu Epulo 2024 kunakhazikitsidwa ndalama yatsopano ya ZiG, imene banki yaikulu ya dzikoli inaitsitsa mphamvu ndi maperesenti opitirira 40 mu Seputembala chaka chomwecho.

Phunziro la mbiri imeneyi kwa mwini gitala ndi lakuti chida chosamalidwa bwino chakhala chikusunga mtengo wake m'nyengo zimene ndalama ya m'dziko yalephera kutero. Magitala ambiri a m'mashopu a ku Harare amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira dola ya ku America, kotero kuti munthu amene wagulitsa gitala yake n'kusunga ndalama ya m'dziko kwa miyezi ingapo akhoza kupezeka kuti sangathenso kugula ina yofanana nayo. Wogulitsa wanzeru amayamba wagwirizana ndi wogula za mtundu wa ndalama imene idzagwiritsidwe ntchito, ndipo sagulitsa asanadziwe ntchito imene ndalamazo zikagwire komanso tsiku limene zikaigwire.

Kodi n'chiyani chimakhazikitsa mtengo wa gitala yogwiritsidwapo kale ntchito?

Chinthu choyamba ndi thabwa lapamwamba, lomwe ndi nkhope ya gitala imene ili ndi bowo lotulukira mawu, chifukwa ndilo limanjenjemera nsambo zikakhudzidwa ndipo ndilo limapereka mbali yaikulu ya kamvekedwe. Magitala ena ali ndi thabwa lenileni locheka kuchokera ku mtengo wa spruce kapena wa cedar, pamene ena ali ndi pulayiwudi, kutanthauza timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi ndi guluu. Thabwa lenileni limamveka mokoma ndipo limasunga mtengo, koma limang'ambika msanga kukauma, pamene pulayiwudi imapirira nyengo koma mawu ake sakhala akuya. Kusiyanaku kumaoneka m'mphepete mwa bowo lija, pakuti pa thabwa lenileni mizere ya mtengo imapitirira kuchokera pamwamba mpaka pansi, pomwe pa pulayiwudi pamaoneka magawo osanjikizana.

Chinthu chachiwiri ndi dzina la kampani ndi mtundu wake. Yamaha F310 ndi gitala ya pulayiwudi ya nsambo zachitsulo yopangidwira oyamba kumene, Yamaha C40 ndi ya nsambo za nayiloni, ndipo Yamaha FG800 ili ndi thabwa lenileni la spruce, kotero kuti kungonena kuti gitala ndi ya Yamaha sikukwanira kutchulira mtengo. Mayina monga Fender, Cort, Ibanez ndi Takamine amadziwika ndipo sasowa ogula, pamene Martin, kampani ya ku America imene inayamba mu 1833, ndi Taylor, imene inayamba mu 1974, ndi a mtengo wapamwamba umene ogula ochepa okha angaukwanitse. Mayina aakuluwa amakoperedwanso ndi anthu achinyengo, n'chifukwa chake chikalata chomatidwa m'kati mwa thupi la gitala pamodzi ndi nambala ya ku fakitale ziyenera kuwerengedwa ndi kufufuzidwa pa intaneti.

Chinthu chachitatu ndi mtengo wa gitala yatsopano ya mtundu womwewo m'mashopu a ku Harare pa nthawiyo, chifukwa palibe wogula amene angalipire gitala yakale ndalama zoyandikira kwambiri mtengo wa yatsopano. Ndalama zimene mwini wake anaigulira kalekale, komanso chikondi chimene ali nacho pa chidacho, sizilowa m'mawerengero a wogula.

Kodi thanzi la gitala limayezedwa bwanji malonda asanachitike?

Kuyeza kumayambira pa khosi, lomwe ndi mtengo wautali umene zala zimayendapo. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zikachunidwa zimakoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 70, ndipo za nayiloni zimakoka ndi makilogalamu pafupifupi 40, kotero kuti m'kupita kwa zaka khosi limayamba kupindikira kutsogolo. Chizindikiro chake ndi kutalikirana kwa nsambo ndi mafureti, omwe ndi tizitsulo topingasa pakhosi. Pa gitala ya nsambo zachitsulo, mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi fureti ya nambala 12 umayenera kukhala pakati pa mamilimita 2 ndi 3, ndipo ukapitirira mamilimita 4 gitala imapweteka zala komanso mawu ake amasokonekera munthu akamaimba chakumunsi kwa khosi. Magitala ambiri a nsambo zachitsulo ali ndi chitsulo chobisika m'khosi, chimene amisiri amachitcha truss rod, ndipo kupindika kochepa kumawongoledwa pochipotokola, koma ngati khosi lonse lasuntha pamene limalumikizana ndi thupi, ntchito yokonza imakhala yaikulu moti pa gitala yotsika mtengo imaposa mtengo wa gitalayo.

Malo achiwiri ndi buliji, kathabwa komatidwa pa nkhope ya gitala kamene kamagwira nsambo. Ngati pepala lingathe kulowa pansi pa buliji chakumbuyo kwake, ndiye kuti guluu wayamba kuleka, ndipo ngati thabwa lapamwamba latupa kumbuyo kwa buliji n'kulowa m'kati kutsogolo kwake, n'kutheka kuti timitengo tochirikiza ta m'kati tamatuka. Vuto limeneli limapezeka kwambiri pa magitala a nayiloni amene eni ake anawaika nsambo zachitsulo, zomwe thupi lake silinapangidwire. Pambuyo pake woyeza amaona ming'alu, kuperepeseka kwa mafureti, kulimba kwa makiyi ochunira, ndipo amaimba nsambo iliyonse pa fureti iliyonse kuti amve ngati pali phokoso lonjenjemera.

Nyengo ya ku Chitungwiza imawonjezera mavutowa. Matabwa a gitala amakhala bwino pamene chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 45 ndi 55 peresenti, koma dera la Harare limauma kwambiri m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, kenako limanyowa mvula ikayamba mu Novembala, ndipo kufufuma ndi kunyala kobwerezabwereza kumeneku ndiko kumang'amba thabwa. Gitala yopachikidwa pafupi ndi denga lamalata, kapena yosiyidwa m'galimoto yotsekedwa padzuwa, imafewa guluu n'kuyamba kumatuka. Vanishi wowala sanena chilichonse pa zinthu zonsezi, ndipo apa m'pamene pamagwira mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kodi gitala yakale kwambiri imakhala ya mtengo wapatali nthawi zonse?

Ayi, ukalamba pawokha suwonjezera mtengo. M'mabanja ena muli magitala a Gallotone, amene ankapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1950 ndipo anafalikira m'migodi ndi m'malokeshoni a chigawo chonsechi chifukwa anali otsika mtengo. Gitala ya mtundu wa Gallotone Champion imene woimba wotchuka John Lennon anaphunzirira inagulitsidwa pa okushoni ku London mu 1999 pa mapaundi opitirira 150,000, koma ndalama zimenezo zinalipiridwa chifukwa cha dzina la mwini wake ndi umboni wa mbiri yake, pakuti gitalayo payokha inali ya anthu wamba.

Gitala yakale imakwera mtengo ngati inapangidwa ndi kampani yodziwika, ngati zida zake zoyambirira zikadalipo, ndiponso ngati pali umboni wolembedwa kapena zithunzi zosonyeza kuti inali ya woimba wotchuka. Banja limene lili ndi gitala yotere liyenera kufunsa kwa amisiri ndi aphunzitsi a nyimbo, monga amene amapezeka ku Zimbabwe College of Music ku Harare, lisanaipereke kwa wamalonda, ndipo lisaipake penti kapena vanishi watsopano poganiza kuti likuikongoletsa, chifukwa kutero kumatsitsa mtengo wake pamaso pa odziwa.

Kodi ndi liti pamene kugulitsa kumakhala koyenera?

Kugulitsa kumakhala koyenera pamene mwini gitala wasiya kuimba ndipo m'nyumba mulibe mwana kapena wachibale amene akufuna kuphunzira, pakuti gitala yongokhala pakona imawonongeka pang'onopang'ono ndi kutentha, fumbi ndi kukoka kwa nsambo. Kumakhalanso koyenera pamene pali chosowa chenicheni chimene chida china sichingathetse, monga fizi ya sukulu, lendi ya nyumba, mankhwala a wodwala kapena mpamba wa bizinesi, ndiponso pamene munthu ali ndi magitala awiri koma imodzi yokha ndiyo ikugwira ntchito.

Njira imeneyi imapereka ndalama zambiri kwa munthu amene ali ndi nthawi yodikira wogula woyenera, ndipo imapereka zochepa kwa amene akufuna ndalama lero lomwe, chifukwa wogula akazindikira kuti wogulitsa wapanikizika amatsitsa mtengo. Nyengo ya chaka nayo ili ndi gawo lake. M'mwezi wa Januwale, pamene mabanja ambiri amakhala akufunafuna fizi ndi mayunifolomu, ogulitsa katundu wa m'nyumba amachuluka pomwe ogula amachepa, choncho amene akudziwiratu kuti adzafuna ndalama pa nthawiyo amachita bwino kuyamba kutsatsa gitala yake miyezi ya kumapeto kwa chaka isanathe.

Nanga ndi liti pamene kusinthanitsa kumaposa kugulitsa?

Kusinthanitsa kumaposa kugulitsa pamene mwini gitala akupitiriza kuimba ndipo akudziwa bwino chida chimene akufuna, chifukwa kumamuteteza ku zinthu ziwiri, zomwe ndi kutha mphamvu kwa ndalama ndi chizolowezi cha ndalama chothera ku mavuto ena a pakhomo chida chatsopano chisanagulidwe. Msintho wabwino kwambiri umachitika pakati pa oimba awiri amene aliyense ali ndi chimene mnzake akusowa, monga wina amene ali ndi gitala ya nayiloni koma akufuna ya nsambo zachitsulo yoperekezera kwaya, ndi wina amene akufuna ya nayiloni yophunzitsira ana, pakuti pamenepo palibe wapakati wochotsapo phindu.

Msintho wa kushopu uyenera kuwerengedwa mofatsa, ndipo manambala ongoyerekeza angathandize kumveketsa mfundoyi. Ngati gitala ingagulidwe ndi woimba wina pa madola 100, koma wamalonda akuiwerengera madola 60 pa chida cha madola 200, mwini wake adzawonjezera madola 140, pamene akanagulitsa yekha akanawonjezera madola 100 okha. Kusiyana kwa madola 40 kumeneku ndiko malipiro a changu, ndipo mwini gitala ayenera kudzifunsa ngati maulendo a kombi opita ku Harare, nthawi yodikira ogula ndi chiopsezo cha akuba zikufika pa ndalama imeneyo.

Msintho umene umakopa achinyamata ambiri a ku Chitungwiza ndi wopereka gitala ya bokosi n'kutenga ya magetsi, chifukwa chofuna kulowa m'magulu a sungura. Gitala ya magetsi siimveka payokha, imafuna ampulifaya, chingwe ndi magetsi enieniwo, ndipo dziko la Zimbabwe lakhala likuvutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku, makamaka mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022 pamene madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri. Wachinyamata amene wapereka gitala yake yokhayo ya bokosi asanapeze ampulifaya amatsala ndi chida chimene sangayeserere nacho nyimbo mokwanira, ndipo luso limene linamufikitsa pa msinthowo limayamba kubwerera m'mbuyo. Amene akufuna kumveka pa zokuzira mawu za kutchalitchi ali ndi njira ina yotsika mtengo, yomwe ndi kuika pickup, kachipangizo kotola mawu a nsambo n'kuwatumiza ku ampulifaya, pa gitala imene ali nayo kale.

Kodi gitala iyenera kukonzedwa kaye isanagulitsidwe kapena kusinthanitsidwa?

Zokonza zing'onozing'ono zimabweza ndalama zake, pamene zikuluzikulu kawirikawiri sizibweza. Nsambo zatsopano, kupukuta thupi ndi nsalu youma, kumanga makiyi ochunira amene akhwefuka ndi kuwongola khosi pang'ono zimachititsa gitala kumveka bwino m'manja mwa wogula, ndipo wogula amagamula ndi khutu ndi zala zake m'mphindi zoyambirira. Ntchito monga kumatula khosi n'kulimatanso kapena kusintha mafureti onse ndi yoyenera pa gitala ya thabwa lenileni ya kampani yodziwika, koma pa gitala ya pulayiwudi ndi bwino kutsitsa mtengo n'kuuza wogula vuto lake.

Chimene chiyenera kupewedwa ndi kukonza kobisa, monga kuthira guluu wouma msanga pa mng'alu kapena kukhomera buliji ndi misomali, chifukwa kumawononga thabwa ndipo kumalepheretsa mmisiri weniweni kudzakonza bwino m'tsogolo. Malamulo a malonda a ku Zimbabwe, amene anachokera ku malamulo a Chiroma ndi Chidatchi, amalola katundu kugulitsidwa voetstoots, kutanthauza kuti wogula akumutenga mmene alili, koma mawu amenewa sateteza wogulitsa amene ankadziwa chilema n'kuchibisa mwadala.

Kodi wogula amapezeka kuti, ndipo malonda amatetezedwa bwanji?

Ogula odalirika amapezeka m'malo amene gitala imagwira ntchito, monga m'makwaya ndi m'magulu a achinyamata a m'mipingo, kuphatikizapo mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare imene inakula pakati pa Amalawi obwera kudzagwira ntchito, m'masukulu amene amaphunzitsa nyimbo, ndi pakati pa oimba amene amasonkhana pa zoimbaimba za ku Aquatic Complex, bwalo limene linamangidwira masewera a All-Africa Games a 1995. Magulu a WhatsApp ndi Facebook amafikitsa uthenga kutali, ndipo wotsatsa amachita bwino kuika zithunzi za kutsogolo, kumbuyo, khosi, chikalata cha m'kati ndi chilema chilichonse, pamodzi ndi kanema wamfupi wa gitalayo ikuimbidwa.

Kukumana ndi munthu wosadziwika kuyenera kuchitika masana pamalo a anthu ambiri, monga pa mashopu a Makoni kapena a Chikwanha, ndipo pakhale mboni. Gitala isachoke m'manja ndalama zonse zisanalandiridwe. Ngati malipiro ndi a mapepala a dola ya ku America, ayenera kuyang'anidwa limodzilimodzi, chifukwa achinyengo alipo ndipo ong'ambika amakanidwa m'mashopu ambiri. Ngati ndi a pafoni, monga kudzera pa EcoCash imene inayamba mu 2011, wogulitsa ayenera kutsegula yekha akaunti yake n'kuona kuti ndalama zalowadi, pakuti akuba amatha kulemba uthenga wabodza wofanana ndi weniweni. Msonkho wa boma pa ndalama zotumizidwa pa makina, umene unaikidwa pa 2 peresenti mu Okutobala 2018, pamodzi ndi zolipira potapa ndalama, ziyenera kukambidwa mtengo usanatsekedwe.

Pa msintho pali chiopsezo china, chakuti chinthu cholandiridwacho chikhoza kukhala chakuba. Lamulo la milandu lotchedwa Criminal Law Codification and Reform Act limaletsa kulandira katundu amene munthu akudziwa kuti anabedwa, komanso kupezeka ndi katundu wokayikitsa popanda kufotokoza momveka mmene anamupezera, ndipo mwini wake weniweni ali ndi ufulu wolanda katundu wake ngakhale kwa munthu amene anamulandira mosadziwa. Kapepala kolembedwa pamanja, kosonyeza tsiku, mayina a anthu awiriwo, mtundu wa zida, manambala ake a ku fakitale, zilema zimene zanenedwa ndi ndalama zowonjezera, kosainidwa ndi onse pamodzi ndi mboni, kamateteza mbali zonse ziwiri.

Nanga ngati gitalayo ndi ya masiye, ya mpingo kapena ya gulu?

Pamenepo funso la umwini liyenera kuyankhidwa funso la mtengo lisanafunsidwe. Gitala imene mwini wake anamwalira ndi gawo la chuma chamasiye, ndipo mwana mmodzi kapena m'bale mmodzi alibe mphamvu yoigulitsa chuma chisanagawidwe ndi banja kapena ndi munthu amene wapatsidwa udindo woyendetsa chumacho motsatira lamulo la Administration of Estates Act. M'mabanja ambiri a Achewa nkhani zotere zimayamba zafika kwa mwinimbumba ndi akuluakulu ena, ndipo ngati pali mdzukulu amene akuphunzira kuimba, kumupatsa gitalayo kumasunga chuma ndi luso m'banja momwemo.

Gitala yogulidwa ndi zopereka za kwaya ndi ya mpingo ngakhale itakhala m'nyumba ya woimba mmodzi kwa zaka zambiri, ndipo yogulidwa ndi ndalama za gulu ndi ya mamembala onse. Magulu ambiri oimba amapasuka chifukwa cha mikangano ya zida, choncho chilolezo cha komiti kapena cha anzake a m'gulu chiyenera kulembedwa malonda asanachitike.

Kodi kupinyolitsa gitala si njira yabwino kwa amene akufuna ndalama kwa kanthawi kochepa?

Pinyolo ndi kusiya katundu ngati chikole cha ngongole, ndipo imaoneka yokopa chifukwa mwini gitala amakhulupirira kuti adzaiwombola. Vuto lake ndi lakuti wobwereketsa amapereka ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa chikole, ndipo obwereketsa osavomerezeka, amene ngongole yawo Ashona amaitcha chimbadzo ndipo Achewa amaitcha katapila, amaika chiwongoladzanja chokwera mwezi ndi mwezi. Amene walephera kubweza pa tsiku lake amataya gitala pa mtengo wotsika kuposa umene ngakhale wamalonda wa kushopu akanamupatsa. Njira imeneyi ndi yoyenera kwa munthu yekhayo amene akudziwa tsiku lenileni limene adzalandire ndalama zowombolera, ndipo amene alibe chitsimikizo chotero amapindula kwambiri akagulitsa poyera pa mtengo wake woyenera.

Kodi chigamulo chomaliza n'chotani?

Munthu amene wasiya kuimba, amene alibe womusiyira chidacho, ndipo ali ndi ntchito yodziwika ya ndalamazo, agulitse kwa woimba mnzake, mu ndalama imene akuidalira, atanena zilema zonse. Munthu amene akupitiriza kuimba asinthanitse pokhapokha atadziwa mitengo ya zida zonse ziwiri, atayesa chida chatsopanocho ndi manja ake, ndiponso atatsimikiza kuti ali ndi zonse zofunika kuti chidacho chimveke tsiku lomwelo. Wophunzira amene ali ndi gitala imodzi yokha ya bokosi yomwe khosi lake lili lowongoka asaigulitse ndipo asaisinthanitse kufikira atapeza ina yolowa m'malo mwake, chifukwa ku Chitungwiza kugula gitala yatsopano kumafuna ndalama zambiri kuposa zimene yakaleyo ingabweretse.